Galu akafa, dzina limatsala pakamwa

Dzuwa likapendeka pa Khonjeni, m'dera la mfumu yaikulu Kapichi m'boma la Thyolo, pamakomo pamayamba kuitanizana. Othyola tiyi amakhala atatula madengu awo, amsika akumanga katundu, ndipo amayi akufuula mayina a ana kuti adzasambe kusanade. Nsima ikadyedwa, mbale zikamasonkhanitsidwa, pamamveka dzina lina lomwe silidalembedwe m'kaundula wa nyakwawa kapena wa kutchalitchi. Ili ndi dzina la galu wa pakhomopo.

Pena dzinalo limakhala Taiga, Popi, Bruno kapena Simba. Pena limakhala la mtundu wina, loti mlendo akalimva amayamba watembenuka kuti aone ngati akunena iye: Dziwazako, Alekeni, Mudzatopa, Ndamvakale. Dzina lotere limatchulidwa kambirimbiri pa tsiku, mwina kuposa la munthu aliyense wa m'nyumbamo.

Ndiye tsiku lina galuyo amafa. Belu silira, uthenga supita kwa amfumu, ndipo palibe wobwera ndi ufa kapena nkhuni. Abambo amangotenga khasu, kukumba kuseri kwa nthochi, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma madzulo ake mwana amatuluka ndi makombo m'manja, dzina lija lili kale pamlomo, kenaka n'kukumbukira kuti woitanidwayo kulibe.

Zambiri mwa imfa zoterezi n'zopeweka. Ndipo imodzi mwa izo, ya chiwewe, nthawi zina sithera pa galu yekha, imatenganso mwana amene ankamudyetsa.

Dzina lonyamula uthenga

Kutcha galu dzina lokhala ndi uthenga ndi luso lakale. Munthu amene watopa ndi mnansi wamiseche, mlamu wansanje kapena mkazi mnzake pamitala, sangapite kukamulalatira poyera popanda kuputa mlandu. M'malo mwake amapeza kagalu, kukapatsa dzina, ndipo m'mawa uliwonse amaima pabwalo n'kuitana mokweza. Wonenedwayo amamva, mudzi wonse umamva, koma palibe amene angakasume kwa amfumu chifukwa mwini wake ayankha kuti amangoitana galu wake.

Khalidweli si la kuno kokha. Ku Zimbabwe, komwe Amalawi ambiri adapita kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, katswiri wina wa chiyankhulo cha Chishona, Liveson Tatira, adalemba m'chaka cha 2004 za momwe Ashona amadzudzulirana ndi kudandaulirana kudzera m'mayina a agalu, makamaka pa nkhani zovuta kuzikamba maso ndi maso.

Chichewa chimamuona galu pawiri. Mbali ina dzina lake ndi mwano. Kutchula munthu kuti galu ndi chiyambi cha ndewu, ndipo womwalira mosowa womusamala amati wafa imfa ya galu. Mbali ina akuluakulu adamulemekeza pomuika m'mwambi woti galu wamkota sakandira pachabe, kutanthauza kuti wamkulu amene waona zambiri akayamba kuchita kanthu, pamakhala chifukwa.

Ngakhale kalembedwe ka liwuli kali ndi mbiri. Amene akusungabe Buku Lopatulika lakale, lomwe lidatuluka koyamba mu 1922, amapeza kuti m'menemo adalemba "garu", pomwe ana a sukulu masiku ano amalemba "galu". Okonda mawu akhala akutola zinthu zotere kwa zaka zoposa 100. M'busa David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre adatulutsa buku lotanthauzira mawu a Chimang'anja mu 1892. Stevenson Kumakanga adasonkhanitsa miyambi m'buku la Nzeru za Kale. Bambo Joseph Chakanza adatulutsa buku la miyambi 2 000 m'chaka cha 2000, chaka chomwenso a Centre for Language Studies adatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja.

Koma dzina la galu wa pakhomo limakhala pakamwa pokha. Galuyo akafa, ndipo agogo amene adamutcha akatsikira kulichete, nkhani yomwe idabala dzinalo imapita nawo limodzi.

Mlonda wosalandira malipiro

Khonjeni ili m'mbali mwa njanji yochokera ku Limbe kudzera pa Luchenza kulowera ku Nsanje, yomwe idatsekulidwa mu 1908. Moyo wa mabanja ambiri m'boma la Thyolo udamangika pa tiyi, kaya ndi wa m'minda yawoyawo kapena wa m'maesiteti monga Satemwa, Conforzi, Makandi ndi Naming'omba. Kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, mvula ikamagwa ndipo tiyi akuphuka mofulumira, makolo amalawira kusanache n'kubwerako dzuwa litapendeka.

Nthawi yonseyi pakhomo pamatsala agogo, ana ndi galu. Iye ndiye amauwa mlendo akalowa m'bwalo, amapirikitsa zilombo zofuna nkhuku, amaperekeza ana kumjigo ndi kunkhuni, ndipo usiku amagona pafupi ndi khola la mbuzi. Malipiro ake ndi nsima ya madeya, makombo ndi fupa la apo ndi apo.

N'chifukwa chake amene amamudziwa bwino galu wa pakhomo nthawi zambiri ndi mwana. Ndiye amamuimbira likhweru, kumuchotsa nkhupakupa m'makutu ndi kumubisira mbamu ya nsima. Ana ena chikondi chosamalira cholengedwa china amachiphunzirira pamenepa, asanapatsidwe ngakhale mng'ono wawo kuti amubereke kumbuyo.

Maliro opanda chipepeso

Galu akafa, akuluakulu amafulumira kunena kuti ndi galu chabe, wina apezeka. Ena amaseka mwana wolira, kapena kumukalipira kuti akuitana tsoka polirira nyama ngati munthu. Mwanayo amapukuta misozi, koma chisoni sichichoka. Amangophunzira kuchibisa.

Kwa ana ambiri iyi imakhala imfa yoyamba kuiona pafupi. Mafunso amene amafunsa pa tsikuli, oti galuyo wapita kuti, ngati akumva kuwawa, ngati adzadzukenso, ndi omwewo amene adzafunse tsiku limene m'banjamo mudzagwe zovuta zenizeni. Kholo lomwe limakhala pansi n'kuyankha zoona, mofatsa, limakhala likukonzekeretsa mwana wake zinthu zomwe palibe munthu amazithawa.

Kumunamiza kuti galuyo wangosochera kumangomutalikitsira mavuto, chifukwa amakhala akudikira pamsewu tsiku ndi tsiku. Kumubweretsera kagalu kena m'mawa mwake, n'kukapatsa dzina lomwelo, nakonso sikuthandiza msanga. Chomwe chimathandiza ndi kumulola kulira, kumulola kuona pomwe galuyo wakwiriridwa ngati sadafe ndi matenda opatsirana, ndi kumusiya kuti azitchula dzinalo pokamba nkhani zake.

Chimawapha n'chiyani?

Galu wosamalidwa bwino amatha kukhala zaka 10 kapena kuposerapo, koma agalu ambiri a m'midzi amafa akadali aang'ono. Tiana ta agalu timatha ndi njoka za m'mimba komanso matenda osanza ndi kutsekula m'mimba mwa magazi, omwe madokotala a ziweto amawatcha parvo. Nkhupakupa zimapatsira tizilombo totha magazi, moti galu amafooka, nkhama n'kuyera. Ena amagundidwa ndi galimoto kapena njinga zamoto, ena amakodwa m'misampha yotchera nyama zakutchire.

Palinso tameki. Mankhwala oopsawa, omwe anthu ena amaphera makoswe, akuba amawaika m'nyama n'kuponya kuseri kwa mpanda. Galu wanjala sasankha, ndipo amafa m'kanthawi kochepa. Pena wothira chiphecho amakhala mnansi amene nkhuku zake zidagwidwa. Galu amene amadya mokwanira pakhomo ndipo sayendayenda usiku amapulumuka ku zambiri mwa izi.

Koma nthenda yomwe banja lililonse liyenera kuiopa kuposa zonse ndi chiwewe.

Nthenda yosabweza

Kachilombo ka chiwewe kamakhala m'malovu a nyama yodwala ndipo kamalowa m'thupi kudzera pa bala lolumidwa kapena lokandidwa. Kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha mpaka kukafika ku ubongo. Nthawi zambiri pamatenga miyezi iwiri kapena itatu kuti zizindikiro zioneke, ngakhale zimatheka kuoneka patangotha sabata imodzi kapena patatha chaka. Apa ndi pomwe anthu amapusitsika: bala limapola, nkhani imaiwalika, koma kachilombo kali paulendo. Zizindikiro zikangoyamba, monga kuopa madzi, kubalalika mutu ndi kulephera kumeza, pafupifupi aliyense amamwalira.

Malinga ndi bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la World Health Organisation, anthu pafupifupi 59 000 amamwalira ndi chiwewe chaka chilichonse, ambiri mwa iwo a mu Africa ndi ku Asia. Pafupifupi onse, mpaka 99 mwa 100 alionse, amachitenga kwa galu, ndipo 4 mwa 10 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Ana ndiwo amasewera ndi agalu, ndiwo amalumidwa kumaso ndi m'manja, ndiponso ndiwo amabisa bala poopa kukalipiridwa.

Galu wa chiwewe amasintha khalidwe mwadzidzidzi. Wofatsa amalusa, kuluma mitengo, miyala ngakhale mbuye wake, kutuluka dovu ndi kusintha kauwidwe. Koma palinso chiwewe chachete, pomwe galu amangofooka, chibwano chili lende, osatha kumeza. Eni ake ambiri amaganiza kuti fupa lamutsamwa ndipo amapisa dzanja m'kamwa kuti alichotse. Chifundo chimenechi n'choika moyo pachiswe, chifukwa malovuwo akakhudza kabala kalikonse ka padzanja, kachilombo kamalowa.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, choyamba ndi kutsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Tsabola, phulusa kapena zitsamba sizipha kachilomboka. Kenaka apite kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti aone ngati bala litupe. Katemera wa munthu wolumidwa amabayidwa kangapo pa masiku amene achipatala amalemba, ndipo ayenera kumalizidwa yense. Ngati pachipatala chaching'ono palibe, ulendo wa ku chipatala chachikulu cha pa boma la Thyolo ndi wotsika mtengo kuposa bokosi.

Alangizi a ziweto nawonso ayenera kuuzidwa. Galu amene waluma munthu amamangidwa ndi kuyang'aniridwa kwa masiku 10, chifukwa yemwe adali ndi kachilombo m'malovu pa tsiku lolumalo amaonetsa zizindikiro kapena kufa m'masiku amenewa. Wolumidwayo asadikire masikuwo kuti athe asanapite kuchipatala. Galu wofa mokayikitsa asagwidwe ndi manja, ana asamuyandikire, ndipo alangizi ndiwo anganene ngati pakufunika kupima. Mbuzi kapena ng'ombe yolumidwa ndi galu wotere ikafa, nyama yake isadyedwe.

Phunziro la ku Blantyre

Achikulire amakumbukira nthawi zomwe boma linkalengeza lamulo lomanga agalu, ndipo galu wopezeka akuyendayenda ankawomberedwa. Akatswiri adaona kuti kupha agalu mwachisawawa sikuthetsa chiwewe, chifukwa malo a ophedwawo amadzazidwa msanga ndi tiana tatsopano topanda katemera. Chomwe chimadula nthendayi ndi kubaya katemera agalu 7 mwa 10 alionse m'dera. Zikatero kachilombo kamasowa kolowera ndipo anthu nawonso amatetezeka.

Izi zidayesedwa pafupi pomwepa. Madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre atadandaula za kuchuluka kwa ana omwalira ndi chiwewe, bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto, lidabaya agalu oposa 35 000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 ogwira ntchito m'chaka cha 2015. Ambiri mwa agaluwa adafika pamalo obayira atakokedwa pa chingwe ndi ana a sukulu, ena atanyamulidwa m'manja ndi m'makatoni. Ntchitoyi idafikanso ku Zomba ndi ku Chiradzulu, ndipo mayiko adagwirizana kuti pofika 2030 pasadzapezekenso munthu womwalira ndi chiwewe chochokera kwa galu.

Koma kubaya kamodzi sikokwanira. Popeza agalu a m'midzi amafa msanga ndi kuswana msanga, pakatha miyezi 12 mudzi umakhala wadzaza ndi agalu atsopano omwe sadaonepo jakisoni. N'chifukwa chake katemerayu ndi wa chaka ndi chaka, ndipo mwini galu amapatsidwa kapepala kolembapo tsiku lobayira.

Kapepala kofuna wowerenga

Nyumba zambiri zili ndi malo osungira mapepala. Pena ndi jumbo yopachika padenga, pena sutikesi ya pansi pa bedi, pena mkati mwa Baibulo. M'menemo mumakhala mabuku a kuchipatala, makadi a kusikelo, malipoti a kusukulu, timapepala ta malipiro a kuesiteti ndi makadi a ubatizo. Kapepala ka galu nthawi zambiri sikafika m'menemo. Kamanyowa m'thumba la kabudula wa mwana kapena kuyatsira moto.

Komatu tsiku lomwe galu waluma mwana wa mnansi, kapepalako ndiko kamayankhula. Kamauza alangizi ndi achipatala ngati galuyo adabayidwa ndiponso liti. Kamachepetsa mantha ndi mkangano pakati pa mabanja awiri, ndipo pena kamapulumutsa galuyo ku zibonga za anthu okwiya. Koma pepala lopanda woliwerenga silisiyana ndi tsamba louma la nthochi. Pafunika wina m'nyumbamo woti alitulutse, awerenge tsikulo, n'kunena kuti chaka chakwana.

Anthu a ku Thyolo kuwerenga sadakuyambe lero. Mishoni ya Malamulo ku Makwasa, yomwe idayamba mu 1902, ndi sukulu za mipingo ina zidaphunzitsa mibadwo ingapo, ndipo m'makomo ambiri muli chizolowezi chotsata timabuku ta mapemphero ta chaka chonse. Alipo agogo amene amabwereza buku limodzi chaka ndi chaka, kaya ndi Nthondo la Samuel Josia Ntara, Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe kapena Madzi Akatayika la Willie Zingani, chikuto chitathothoka kale. Buku limakhala lomwelo, koma wowerengayo amakhala atasintha. Ndime yomwe adaidumpha ali mnyamata imamugwira mtima ataika m'manda mnzake wapamtima.

Mwezi wa masiku awiri

Mwezi wa Sepitembala uli ndi masiku awiri omwe anthu sawaika pamodzi kawirikawiri. Pa 8 Sepitembala dziko lonse limakumbukira kufunika kodziwa kulemba ndi kuwerenga, mwambo womwe udayamba mu 1967 motsogozedwa ndi bungwe la UNESCO. Pa 28 Sepitembala ndi tsiku lokumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe, lomwe lidayamba mu 2007. Tsikuli lidasankhidwa chifukwa ndi lomwe Louis Pasteur wa ku France adamwalira mu 1895. Iyeyu ndiye adapanga katemera woyamba wa chiwewe, ndipo mu Julaye 1885 adapulumutsa naye mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, amene adalumidwa ndi galu wodwala.

Kwa banja la pa Khonjeni mweziwu ndi wabwino. Tiyi amakhala wachepa chifukwa cha chilimwe, mvula isanayambe, ndipo ana akuyamba chaka chatsopano cha sukulu ndi makope atsopano. Tsiku limodzi madzulo banja likhoza kuyala mphasa, kutsitsa jumbo ija, n'kupatsa mwana wa Sitandade 4 kapena 5 kuti awerenge mokweza zomwe zili m'menemo: tsiku la kusikelo la khanda, tsiku lobwerera kuchipatala la agogo, ndi tsiku lomwe galu adabayidwa. Ngati chaka chadutsa, m'mawa mwake wina akafunse kwa alangizi a ziweto ku ofesi ya zaulimi kuti katemera abwera liti.

Mwana yemweyo akhoza kupatula masamba angapo kumapeto kwa kope lakale n'kulemba mayina a agalu onse amene adakhalapo pakhomopo. Akafunsa agogo chifukwa chomwe galu wa mu nthawi ya njala ya 2002 adamutchulira Mudzatopa, adzamva mbiri ya banja lake yomwe palibe mphunzitsi angamuuze: mkangano wa malire a munda, ulendo wa amalume wopita ku Joni, ukwati womwe udatha ndi womwe udapirira. Chaka chotsatira adzawerenganso, kuwonjezera dzina lina, ndipo mng'ono wake adzaphunzira kulemba potengera mayina omwewo.

Galu aliyense adzafa ndithu, ngakhale wosamalidwa chotani, ndipo mwana adzalirabe. Koma pali kusiyana pakati pa galu amene wafa ndi ukalamba atagona pakhonde, ndevu zitachita mbuu, ndi amene waphedwa ndi miyala atachita misala, banja lonse lili pa mzere wa jakisoni kuchipatala. Kusiyanako ndi ulendo umodzi pa chaka wopita kwa alangizi, chingwe m'manja, ndi kapepala kosungidwa pouma pomwe wina amakumbukira kukawerenga.